Nyama Yobiriwira ya ku Libuyu

Luyando, tatseka kaye kompyutayo. Chiyambire m'mawa wakhala ukuidikirira ngati mphaka pa una wa mbewa, koma palibe chatulukamo. Ndakumva ukudandaulira mlongo wako Dalitso kuti mayi wa saluni uja akufuna chizindikiro cha shopu yake ndipo mutu wako wauma gwa. Ndiye wayamba kufufuza pa foni zimene anajambula anthu a kumaiko ozizira, kuti ukakometsere saluni ya ku Dambwa. Ha! Sendezani mipando kuno kumthunzi, ana inu nonse, dzuwa la tauni ino silidziwa mbale. Agogo anu aakazi atsamira pang'ono m'nyumbamu, choncho ndikhoza kukamba popanda wondidula pakamwa.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba imene inkalemba zikwangwani. Nzoona. Panali nthawi imene munthu sankayenda kuchokera ku siteshoni kukafika ku Maramba osawerenga dzanja langa. Koma si zimene ndinabwerera kuno. Ndinachoka ku Katete ndili mnyamata kudzafuna ntchito ya njanji, pakuti malume anali kale komweko, ndipo akabwera kumudzi ndi chipewa chawo cha kuntchito ngakhale agalu ankawapatsa ulemu. Mayi anandimangira mtedza wokazinga ndi mbatata zootcha m'kansalu. Basi inatigwedeza m'fumbi mpaka ku Lusaka, kenaka sitima ya mipando ya matabwa, yoima paliponse ngati mlaliki wopatsa moni. Inu lero mukangokhala maola ochepa m'basi ya mpweya wozizira mwayamba kulira msana.

Asanakulembe ntchito ya njanji ankayamba akupima maso. Dokotala anatsegula kabuku kodzaza timadontho n'kundifunsa nambala imene ndikuona. Ine ndinangoona madontho, ngati mapira otayika pamphasa. Anatembenuza tsamba, chimodzimodzi. Kenaka anayatsa nyali ziwiri.

“Yofiira ndi iti?”

Ndinaloza imodzi mongoyerekeza. Anapukusa mutu.

“Mnyamata, maso ako saona kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira. Unabadwa choncho, palibe mankhwala. Tikakupatsa mbendera iwe, masitima adzapsompsonana.”

Pobwerera kwa malume ndinakumbukira zikoti zonse zimene ndinalandira kumunda chifukwa chothyola tomato wosapsa. Mayi ankati ndi mwano, inenso ndinkakhulupirira kuti ndine wopusa. Ndinamva manyazi oti sindingawafotokoze. Malume ndinawanamiza kuti andikana chifukwa cha chifuwa, ndipo ndinalumbira mumtima kuti za maso angazi palibe adzazidziwe.

Tsono onani kuseka kwa Mulungu. Munthu wosaona mitundu, ntchito imene ndinapeza inali ya penti. Panali mkulu wina wa mtundu wa Alozi, ba Mubita, amene ankalemba zikwangwani kuseri kwa msika, ndipo ananditenga ataona ndikujambula njinga yake pamchenga ndi kamtengo. Zipangizo zake mukanaseka. Mabulashi aang'ono ankapanga yekha ndi ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, kuumanga ndi ulusi pa nthenga ya nkhuku. Mzere wowongoka tinkaupeza ndi chingwe chopaka choko: wina agwira uku, wina uko, kuchikoka n'kuchisiya kuti thwa pakhoma. Dzanja linkatsamira pa kandodo kokhala ndi mpira wa nsanza kumapeto. Panalibe batani lobweza m'mbuyo ngati lanu lija. Ukalakwitsa, ndi iwe ndi palafini.

Ba Mubita analibe buku la zilembo ngakhale limodzi. Ankanditengera kunjanji kukaona manambala olembedwa pa mabogi, mmene anawanenepetsera kuti awerengeke sitima ikuthamanga. Ankanditolera matumba a ufa ong'ambika, mabokosi a machesi, zitini za nsomba. “Ona apa,” ankatero, “munthu uyu anasiya malo pakati pa zilembo kuti zipume.” Penti ankasakaniza yekha, osafuna wina akhudze, choncho chinsinsi changa chinagona tulo. Koma atakalamba anabwerera kwawo ku Mongu, n'kundisiyira mabulashi ndi zitini khumi zakale za jamu zodzaza penti, zopanda dzina ngakhale chimodzi.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali ku Libuyu. Ba Hamoonga, Mtonga wa ng'ombe zake, anatsegula butchala ndipo ankafuna mwendo wa ng'ombe pakhoma lonse lakutsogolo, woti munthu akauona malovu adzadze mkamwa. Ndinakhala masiku awiri m'butchalamo ndikungoyang'ana nyama. Ndinaona mmene mafuta amayendera m'mnofu ngati timitsinje togawikana, mmene fupa limawalira pamene mpeni wadutsa. Tsiku lachitatu ndinayamba dzuwa likutuluka, ndipo pofika nthawi yoti amayi azipita kumsika mwendo unali utaima pakhoma, wonenepa, wonyezimira. Ndinatsika pamakwerero ndili ndi mtima wa mfumu.

Anthu anayamba kuima. Ndinati akusirira. Kenaka mayi wina anatula dengu lake pansi n'kugwira m'mimba ndi kuseka.

“Mayo ine! Ba Hamoonga bayamba kugulitsa nyama yoola!”

“Ni ng'ombe ya bwanji iyi? Inadya udzu mpaka yasanduka udzu?”

Ba Hamoonga anatuluka mpeni uli m'manja, epuloni ili magazi okhaokha. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine.

“Iwe wa kum'mawa iwe, ni chani ichi? Bakutuma bandani kuti unionongere malonda?”

Ine ndinayang'ananso khomalo. Ndinafufuza cholakwa pa fupa, pa mafuta, pa zilembo. Sindinaone kanthu. Ndinadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, mawa tauni yonse idzadziwa kuti wolemba zikwangwani saona mitundu, ndipo kudzatsala n'kubwerera ku Katete manja ali m'khosi.

Pambali pa khomo panali mtsikana amene ankagulitsa chibwantu, thobwa la kuno, m'chidebe, mwana wa ba Hamoonga, dzina lake Mutinta. Iye sanaseke. Ankayang'ana nkhope yanga, osati khoma. Anaimirira n'kupukuta manja pachitenje.

“Batata, musabvute munthu. Iyi ni penti ya pansi chabe. Yofiira ibwera pamwamba ikauma iyi. Ni mwamene bachitira ba m'tauni.”

“Zoona?” anafunsa ba Hamoonga.

“Zoona,” ndinayankha ndi mawu a nkhuku yonyowa.

Anthu atabalalika, mtsikana uja anadutsa pafupi ndi zitini zanga ngati akupita kukataya madzi, ndipo ndi chala cha kuphazi anakankhira chitini chimodzi kutsogolo. Ndinachitola. Madzulo mwendo unali wofiira, ndipo ba Hamoonga anandipatsa chiwindi cha bonasi. Ndikutsuka mabulashi, Mutinta anabwera ndi kapu ya chibwantu.

“Imwe simuona, ai?”

Ndinafuna kukana. Koma munthu amene wakuvuula m'madzi sumunamiza kuti umasamba. Ndinamuuza zonse, za kabuku ka madontho, za nyali, za tomato. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatola msomali pansi n'kuyamba kukanda pa zitini: mzere umodzi chofiira, iwiri chobiriwira, mtanda chabulauni.

“Musakauze munthu,” ndinamupempha.

“Imwani chibwantu,” anatero.

Amenewo ndiwo agogo anu, amene a kuno amawaitana Bina Tisa, kutanthauza amake a mwana wathu Tisa. Ng'ombe zimene abale awo anatchula pa ukwati zinatsala pang'ono kundithawitsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano tchera khutu, Luyando, pakuti apa ndi pako. Kuyambira pamenepo tinakhala ndi maso anayi ogwira ntchito ziwiri. Ine Mulungu anandimana mitundu koma anandipatsa maonekedwe a zinthu, kuwala ndi mthunzi. Agogo anu anali ndi mitundu. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi sitinkalunjika kunyumba. Tinkazungulira, ndiye anthu ankati, taonani awo, ana atatu koma akadali pachibwenzi. Sankadziwa kuti tili pantchito.

Ine ndinkaima pa zinthu zoti wina angandiyese wamisala. Mthunzi wa zitsulo za pawindo ukagwera pakhoma masana, wopendekeka, ndi umene unandipatsa zilembo za shopu ya mawotchi. Njira imene njoka inasiya pamchenga wa ku Dambwa ndinaikopera m'kabuku, ndipo inakakhala mzere wa m'mbali mwa minibasi ina, mpaka madalaivala ena anayamba kubwera kuti nafenso tikufuna njoka. Telala wina anandipempha chikwangwani, ndinasowa poyambira masiku atatu, kufikira nditaona tepi yake yopimira itagwa pansi n'kudzipinda yokha ngati chilembo choyamba cha dzina lake. Ndinangoijambula mmene inagwera. Kwa wometa tsitsi wa ku Nottie Broadie ndinatengera nthenga ya nkhanga imene ndinatola pamsika: madontho oyera pa chakuda, aakulu pakati, ocheperachepera kumka m'mphepete. Munthu ankaona chikwangwanicho ali kutsidya kwa msewu.

Agogo anu ankaona zina. Ankandigwira mkono pamsika n'kunena, “Onani mayi uyo mmene wayalira malonda. Tomato waika pafupi ndi repu, osati pafupi ndi anyezi. Akudziwa kuti chofiira chimafuula chikakhala pa chobiriwira.” Ine ndinkangoona milu iwiri yofanana, koma ndinkalemba m'kabuku mawu awo. Mitundu sankaitchula ndi maina a pachitini. Ankati chofiira cha njerwa yonyowa, chofiira cha chingamu cha mwana, chikasu cha mango a mawa, kusiyana ndi chikasu cha mango a lero. Ankasunga tizidutswa ta zitenje timene matelala ataya, n'kumatiyala pamphasa tiwiritiwiri kuti aone timene tikugwirizana ndi timene tikukangana. Akapeza, ankasakaniza penti m'mawa ndisananyamuke, n'kundiuza kuti ichi pa zilembo, ichi kumbuyo.

Mitundu imene ndimaiona bwino ndi yabuluu ndi yachikasu, choncho ndikakhala ndekha kutali ndinkathawira komweko, pamodzi ndi choyera ndi chakuda. Anthu anayamba kunena kuti limenelo ndilo dzanja la ba Banda, kunena ineyo, ena mpaka kumanditsanzira. Ndinkangoseka chamumtima. Munthu wotsimphina akayenda nthawi yaitali, ena amayesa ndi kavinidwe.

Za utawaleza wa kumathithi musandifunse. Alendo amaulira misozi, kuwerenga mitundu isanu ndi iwiri. Ine ndimaona mizere iwiri, basi. Tsiku lina agogo anu anayesa kundifotokozera mpaka tonse tinanyowa ndi nthunzi ya mathithiwo, kenaka anati, “Zisiyeni, si zonse za pakhoma.” Koma tsiku lomwelo ndinaona mmene miyala yakuda imaonekera n'kubisikanso m'nthunzi, ndipo ndinaphunzira kuti chinthu chobisika theka chimakoka maso kuposa choonekera chonse.

Kenaka anabwera makina anuwa. Mnyamata amakhala pampando, kudina, ndipo chinsalu chachikulu chimatuluka chili ndi chithunzi cha nyama yeniyeni. Sindikunyoza ayi, Dalitso, usandiyang'ane choncho. Ntchito yanu ndi yaukhondo, simununkha palafini, simugwa pamakwerero. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti butchala wa ku Libuyu ndi butchala wa ku Lusaka onse ali ndi nyama imodzimodzi yotengedwa pa foni, nyama ya ng'ombe imene sinapondepo dziko lino. Ntchito zanga zinayamba kuchepa, mawondo nawo anayamba kukana makwerero, ndiye ndinapachika mabulashi osakwiyira munthu.

Zaka zapitazi mukukumbukira mmene maso a agogo anu anayambira kuchita ng'ala. Poyamba ankati magalasi ada. Kenaka anathira mchere mu tiyi. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi anaima pamsika, pamalo pamene ankakonda kundigwira mkono, n'kundifunsa:

“Atate ake Tisa, tomato alipo lero?”

“Alipo, milu isanu.”

“Ine ndikungoona utsi.”

Sanalire. Ine ndi amene ndinayang'ana kumbali. Kuyambira tsikulo maulendo athu anatembenuka. Ine ndinkawauza zimene ndikuona, kuti apa pali mayi wavala chitenje cha masamba aakulu ngati a papaya, apo pali geti la zitsulo zopindika ngati nyanga. Iwo ankayankha kuchokera m'mutu, “Geti limenelo n'lofiira, la aphunzitsi aja, pokhapokha ngati analipakanso.” Tinkayenda choncho, wina theka, wina theka.

Madokotala atanena kuti diso limodzi likhoza kuchitidwa opaleshoni, amayi ako, iwe Luyando, anawatenga kuti akakhale kwawo masiku angapo, pafupi ndi chipatala. Ndinatsala ndekha m'nyumba muno. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana chitseko chathu, chosuwa, chosendeka. Zaka zonse zija ndinakometsa makomo a eni, koma agogo anu ankandipempha chinthu chimodzi chokha: chitseko chobiriwira ngati tsamba la chibwabwa limene lamwa mvula yoyamba. Ine ndinkangoti mawa. Ndinaganiza kuti ngati diso lija litseguke, chinthu choyamba kuchiona pakhomo pawo chikhale chimenecho.

Koma ndikanautenga kuti mtunduwo? Zitini zanga zinali zitauma kalekale. Wondisakanizira anali gone kuchipatala. Ndinapita kudimba kuseri, ndinathyola tsamba la chibwabwa, ndinaliika m'thumba la malaya, n'kukwera minibasi ya m'tauni.

Shopu imene ndinkagulako penti zaka zonse ikadalipo, ndipo mwini wake, ba Sitali, ndi wa msinkhu wanga, tsitsi lonse mbuu. Ndinadutsa pakhomo pake katatu. Ndinalowa m'shopu ya pafupi kukafunsa mtengo wa maloko amene sindinkafuna. Pomaliza ndinalimba mtima. Munali makasitomala awiri, ndinadikira mpaka atuluke.

“Ba Banda! Mwasowa. Mwabwerera ku nchito?”

Ndinatulutsa tsamba lija, litayamba kale kufota, n'kuliika pa kauntala.

“Ba Sitali, ndikufuna penti yofanana ndi tsamba ili. Koma mundisankhire ndinu.” Ndinakankhira tsambalo pafupi nawo. “Ine... ine sinditha kuona chobiriwira. Ngakhale chofiira. Chibadwire. Zaka zonsezi ndakhala ndikukunamizani nonse.”

Ndinayembekeza kuti adzidzimuka, kapena aseka ngati mayi wa dengu uja. Ba Sitali anatenga tsambalo, analitembenuza, analiyang'anitsa kuwindo.

“Ili lafota, mdala. Bina Tisa bafuna ya tsamba lamene likali ku munda.” Anatsitsa zitini ziwiri pashelefu n'kuyamba kutsegula ndi sikuludiraiva.

“Mwamva zimene ndanena?”

“Namvera.”

“Ndiye simukudabwa?”

Anaika sikuludiraiva pansi. “Ba Banda, muganiza chifukwa chani lyonse nikamigulitsa penti nenze kukamba dzina mokweza? ‘Iyi ni yofiira, ba Banda, naika kumanja. Iyi ni yobiriwira, naika kumanzere.’ Munamverapo nikuuza kasitomala wina choncho?”

Ndinagwira kauntala ndi manja awiri.

“Ndani winanso akudziwa?”

“Ba telala benze kudziwa. Ba minibasi bonse. Abusa bakale baja, ni chifukwa chake pa chikwangwani cha tchalitchi banapempha buluu.” Anayamba kutakasa penti ndi kamtengo. “Nanga tikanakamba kuti tipindule chani? Zikwangwani zenze zabwino.”

Ndinatuluka m'shopumo chitini chili m'manja, osadziwa ngati ndikwiye kapena ndigwade pamsewu. Ndinayenda wapansi mpaka kuno, ndikuyang'ana makoma akale amene penti yanga ikuonekabe pansi pa zinsalu zatsopano, ndikuganiza za anthu onse aja amene ankandipatsa moni m'mawa uliwonse atanyamula katundu wanga mwakachetechete. Ambiri a iwo anapita kale, sindingathenso kuwathokoza. Ndinapala chitseko tsiku lonse, ndinapaka kawiri, ndipo mzere wa m'mphepete unatuluka wowongoka.

Agogo anu anabwera Lachisanu masana, atawachotsa bandeji, atavala magalasi akuda aja mumawaseka. Anatsika m'galimoto, anafika pageti, anaima. Anavula magalasiwo pang'onopang'ono, amayi ako akukuwa kuti adokotala analetsa. Anayang'ana chitseko nthawi yaitali. Anayandikira, anachisisita ndi chikhatho.

“Anakusankhirani ndani?”

“Ba Sitali.”

“Munawapempha nokha? Ndi pakamwa panu?”

“Ndi pakamwa panga. Ndipo andiuza zonse, amake Tisa. Inu munandilonjeza kuti simudzauza munthu.”

“Sindinalonjeze kanthu ine. Kumbukirani bwino.” Anavalanso magalasi awo. “Ndinauza munthu mmodzi yekha, wogulitsa penti, kuti angakupatseni chitini cholakwika ine kulibe.”

“Nanga telala? Nanga madalaivala? Abusa?”

Anandiyang'ana ndi diso lawo latsopanolo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuima pamapazipo.

“Amenewo anali ndi maso awo, bambo. Zaka makumi anayi mwakhala mukupita kutchalitchi sokosi imodzi yofiira, ina yabulauni, tsiku lililonse limene ine ndachedwa kudzuka. Ngakhale lero. Tatsegulani chitseko changa ndilowe.”